Kalata kwa Akuluakulu a Maphunziro ndi Zankhalango: Tiziwerenga Mitengo Imene Yapulumuka M'sukulu Zathu

Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, a Nduna yoona zachilengedwe, akuluakulu a Nthambi ya Zankhalango, ndi inu mabwana oyang'anira maphunziro m'makhonsolo,

Takulemberani ife aphunzitsi a zaulimi pamodzi ndi alangizi a zankhalango amene ntchito yathu imakhudza sukulu za pulayimale ndi za sekondale. Nkhani ndi ya mitengo imene ana athu amabzala dzinja lililonse, koma ikafika nthawi yoti ipereke mthunzi, osaoneka.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala ndi kutsekedwa pa 15 Epulo. Pa tsiku la mwambo ana amavina, amalakatula ndakatulo, mlendo wolemekezeka amathirira mbande yake, ndipo madzulo wailesi imalengeza kuti kwabzalidwa mitengo yakuti. Ndi ochepa amene amabwerera mu Okutobala kukaona imene idakali moyo. Dziko lino linalonjeza kuti pofika 2030 lidzakhala litabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango zowonongeka, ndipo palibe china chimene chafalikira m'midzi ngati sukulu. Sukulu ili ndi malo, ili ndi manja ambiri, ndipo zambiri zili ndi mjigo pafupi. Pempho lathu loyamba, limene ena onse atsamirapo, ndi lakuti mukamafunsa mphunzitsi wamkulu za mitengo, muzimufunsa kuti yapulumuka ingati. Funso lakuti wabzala ingati ndi limene latifikitsa pano.

Mbande zambiri zimaphedwa tsiku lomwe zikubzalidwa, kungoti zimauma patapita masabata. Zimachokera kutali pa lole, zitasanjikizana, dothi la m'machubu litagwedezeka mpaka timizu tating'ono kuduka. Kawirikawiri zimafika mu Febuluwale kapena Malichi chifukwa ndalama yogulira inachedwa kutuluka. Mwana wa Sitandade 3 amapatsidwa mbande ndi kamtengo kokumbira, nakumba kadzenje kosakwana chikhatho, mwina osachotsa n'komwe pulasitiki. Tsiku lotsekera la 15 Epulo lisatinamize. Mtengo umafuna miyezi iwiri kapena itatu ya chinyezi kuti mizu itsike kufika pamene dothi siliuma msanga, kotero m'madera ambiri a pakati ndi kum'mwera mbande yobzalidwa Januwale atatha mwayi wake ndi wochepa, pokhapokha wina aziithirira chilimwe chonse.

Kalendala ya sukulu nayo ili ndi mipata imene mitengo imaferamo. Teremu yoyamba imayamba mu Seputembala, ana amatsekera cha ku Khirisimasi nyengo yobzala itangotsegulidwa kumene, ndipo tchuthi chachikulu, chochokera kumapeto kwa Julayi mpaka Seputembala, chimagwa pamene mbuzi zatayiriridwa ndi moto wolusa wayamba. Sitikupempha kuti musinthe kalendala. Tikupempha kuti ntchito iliyonse iikidwe pa mwezi wake, ndipo izi zimatheka ngati sukulu ili ndi nazale yakeyake.

Nazale ya mbande 1,000 si chinthu chachikulu. Imakwana pa bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali, pamalo osatsetsereka, pafupi ndi mjigo, potchingidwa ndi mpanda wa udzu kapena nsungwi kuti nkhuku ndi mbuzi zisalowe. Bedi lisapose mita imodzi m'lifupi kuti mwana azifikira pakati osaponda mbande. Machubu a masentimita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali (poyeza ali ophwathalala, asanadzazidwe dothi) amakwanira mitengo yambiri, ndipo kudzaza 1,000 kumafuna mawilibala pafupifupi 8: anayi a dothi lakuda lapamwamba, awiri a mchenga wa kumtsinje, awiri a manyowa owolerana bwino, zonse zosefa. Manyowa aawisi amawotcha mizu. Dothi la makande lokha limasunga madzi ndi kuolesa mbande, mchenga ukachuluka dothi limamwazika pobzala. Kuyesa kwake ndi kufinya dothi lonyowa m'manja: ligwirane, koma mukaligunda ndi chala lisweke. Machubu akasowa, mapaketi a shuga ndi a mkaka amagwira ntchito, bola abooledwe pansi kuti madzi azituluka.

Njere zodalirika zimapezeka ku FRIM, bungwe lofufuza za nkhalango la ku Zomba, komanso kudzera ku maofesi a zankhalango a m'maboma. Ana angathenso kutola okha, koma azitola ku mitengo yambiri yathanzi ndi yowongoka, osati ku mtengo umodzi wa pakhomo pa sukulu. Magalamu 100 okha a njere za keshya amakhala ndi njere zoposa 3,000, zokwanira nazale yonseyi. Njere za keshya, mtangatanga, mthethe ndi msangu zili ndi khungu lolimba, ndipo zikafesedwa chomwecho zimamera mwa apo ndi apo. Zimafunika kutemedwa pang'ono ndi chowengera zikhadabo, m'mphepete, kutali ndi kadiso kamene mphukira imatulukira, mongokanda khungu osalowa m'kati. Gilirisidiya safuna zimenezi. Mbawa njere zake zimafa msanga zikasungidwa, ndiye zifesedwe zikangotoledwa, ndipo ziyambe ndi izo chifukwa zimachedwa m'nazale. Mu chubu chilichonse muikidwe njere ziwiri, kuya kwake kowirikiza kawiri kukula kwa njereyo, kenako kuphimba ndi udzu wopyapyala umene umachotsedwa zikangoyamba kumera. Zikamera zonse ziwiri, yofooka izulidwe. Pamwamba pakhale kadenga ka udzu kolowetsa dzuwa pang'ono.

Madzi ndi makeni awiri kapena atatu a malita 10 m'mawa, ndi ena otero madzulo. Pano pali zolakwika ziwiri zotsutsana. Ana akachita changu amathirira mopitirira, dothi limachita ndere pamwamba, mbande zimaola pa tsinde ndi kugwa zambirimbiri nthawi imodzi. Mukaona zimenezi, chepetsani madzi ndi mthunzi tsiku lomwelo, ndipo chotsani machubu amene agwidwa. Cholakwika chachiwiri ndi Loweruka ndi Lamulungu. Masiku awiri opanda madzi pa dzuwa la Okutobala amatha nazale yonse. Sukulu isafese njere isanalembe mayina a amene azithirira kumapeto kwa sabata, kaya ndi ana okhala pafupi, a komiti ya sukulu, kapena mlonda amene wagwirizana nazo.

Masabata awiri alionse machubu asunthidwe ndipo mizu yotulukira pansi idulidwe ndi mpeni wakuthwa. Ikalekereredwa imalowa m'nthaka, ndipo tsiku lonyamula imaduka yonse pamodzi, mbande n'kufota. Msangu wokha ndi wosiyana. Muzu wake waukulu umathamangira pansi msanga ndipo sufuna kudulidwa kapena kupindika, choncho machubu ake aikidwe pa thandala kuti mphepo iziumitsa nsonga ya muzu, ndipo afesedwe mochedwerapo, cha mu Novembala, kuti asakhalitse m'nazale. Keshya, gilirisidiya ndi mtangatanga zimafuna masabata 8 mpaka 12, ndiye zofesedwa kumapeto kwa Seputembala zimakhala zokonzeka pakati pa Disembala, zitatalika masentimita 20 mpaka 30. Masabata atatu omaliza chotsani mthunzi pang'onopang'ono ndi kuthirira kamodzi pa tsiku, kuti mbande zikhwime. Mbande yobiriwira bwino yochoka mumthunzi kupita pa dzuwa tsiku limodzi imapserera.

Maenje akumbidwe mu Novembala, ndipo akumbe ndi ana akuluakulu pamodzi ndi makolo. Mitengo ya nkhuni imafuna dzenje la masentimita 30 mbali zonse ndi kuya komwe. Ya zipatso imafuna 60, dothi lapamwamba liikidwe pa lokha, lisakanizidwe ndi ndowa imodzi ya manyowa, ndipo libwerere pansi poyamba. Tsiku lobzala lisasankhidwe potengera nthawi imene mlendo wolemekezeka ali ndi mpata. Likhale pamene mvula yakhazikika, dothi litanyowa kufika pansi pa dzenje, makamaka madzulo kapena kukachita mitambo. Ngati mvula yachedwa ndipo ana atsekera, sabata yoyamba ya Januwale isadutse. Pulasitiki ichotsedwe dothi osasweka, mbande ikhale pa msinkhu womwe inali mu chubu, dothi litsindiridwe, pozungulira pakonzedwe kabeseni kosunga madzi, ndipo udzu wophimbira usakhudze tsinde chifukwa umaitana chiswe. Machubu onse atoleredwe, ambiri amagwiranso ntchito chaka chotsatira. M'nazale musiye mbande imodzi pa zisanu zilizonse kuti pakatha masabata atatu mubwezeretse pamene pafa.

Mtengo wabwino pamalo olakwika ndi vuto lina limene timaliona kwambiri. Munda wa nkhuni ubzalidwe pa mpata wa mamita awiri mbali zonse. Pa hekitala ndi mitengo 2,500, kotero chigawo chimodzi cha zinayi cha hekitala chimalowa mitengo 625, ndipo n'kwabwino kuyamba ndi pamenepa kusiyana ndi kubalalitsa mbande 5,000 popanda wozisamala. Keshya ndiye woyenera sukulu zambiri chifukwa mbuzi sizimukonda, chiswe sichimuvutitsa kwenikweni, ndipo akadulidwa amaphukanso. Mundawo ugawidwe panayi. Kuyambira chaka chachinayi kapena chachisanu muzidula gawo limodzi pa chaka, chitsa chikhale cha masentimita 20 mpaka 30, chodulidwa mopendeka kuti madzi asakhazikike, ndipo pa chitsa chilichonse musiye mphukira ziwiri kapena zitatu. Bulugama amakula msanga ndipo amapereka milimo yowongoka, koma asayandikire mjigo, dimba kapena mtsinje popeza amamwa madzi ambiri, komanso akadali wamng'ono chiswe chimamudya kwambiri. M'mbali mwa mtsinje mukhale katope, mbawa, mkuyu ndi nsungwi. M'munda wa sukulu mukhale msangu pa mpata wa mamita 10, umene umayoyola masamba m'dzinja osatchinga chimanga. Pa zipatso, mapapaya asaiwalike pambali pa mango olumikiza, magwafa ndi mapeyala, chifukwa amabereka pafupifupi chaka chimodzi ndipo mwana amadya chimene anabzala asanachoke pasukulupo.

Dzinja lililonse timamva za madenga a makalasi amene asasuka ndi mphepo. Mizere iwiri kapena itatu ya mitengo, yobzalidwa mosinthanitsa kumbali imene mphepo yamkuntho imachokera, imachepetsa mphamvu yake. Koma italikirane ndi nyumba kuposa msinkhu umene mtengowo udzafike, apo ayi tsiku lina udzagwera kalasi. Ya mthunzi nayo ikhale mamita 8 kapena 10 kuchokera pa khoma chifukwa cha mizu.

Kubzala kukatha ndi pamene ntchito yeniyeni imayamba, ndipo ndi pamenenso aliyense amabalalika. Mbande ipaliridwe kawiri m'dzinja loyamba, theka la mita mozungulira. Njira yosavuta ndi kubzala nyemba, soya kapena mtedza pakati pa mizere zaka ziwiri zoyamba, kuti wopalira mbewu azipaliranso mitengo. Mu Meyi kapena Juni, ana asanatsekere, mozungulira munda mulimidwe njira yotchinga moto ya mamita 4 mpaka 5, ndipo udzu wa m'kati utchetchedwe ndi kuchotsedwa. Moto wambiri umayatsidwa ndi osaka mbewa, ena mwa iwo ndi ana a pasukulu pomwepo. Mbuzi ndiye sizingathetsedwe ndi sukulu yokha. Minga ndi timipanda ta nsungwi zimateteza mitengo ya zipatso yowerengeka, koma munda wonse umatetezedwa ndi lamulo la mfumu. Tikupempha makhonsolo kuti mafumu ozungulira sukulu iliyonse agwirizane pa chindapusa cha mwini chiweto chopezeka m'munda wa mitengo ya sukulu, ndipo anthu amve zimenezi pa msonkhano wa makolo, osati chiweto chitagwidwa kale.

Sukulu zambiri zili ndi kaphiri kapena tchire pafupi lodzaza ndi zitsa za mombo, mtondo ndi msuku. Mitengo imeneyi ndi yovuta m'nazale, koma zitsa zake zili ndi mizu yakuya kale. Kungosankha mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pa chitsa, kudula zotsalazo, kusadza nthambi za m'munsi osapitirira theka la msinkhu, ndi kuteteza ku moto ndi mbuzi, pakatha zaka zitatu kapena zinayi malowo amasintha maonekedwe. Palibe chubu, palibe kuthirira. Njira imeneyi simawerengedwa chifukwa palibe mbande yojambulitsa nayo chithunzi. Tikupempha kuti mitengo yosamalidwa motere ilowe m'kaundula mofanana ndi yobzala. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo sukulu zambiri za kum'mwera zinatsekedwa, zina n'kusanduka misasa ya anthu othawa madzi. Sitikunena kuti mitengo ikanaimitsa mvula ngati ija. Koma madzi otsika m'phiri lopanda chophimba amabwera ndi liwiro ndi dothi lambiri, ndipo ana okhala m'munsi mwa mapiri otere ndi oyenera kuphunzira ndi manja awo momwe phiri limabwezeretsedwera.

Tilowe ku khitchini. Sukulu imene ikubzala mbande kutsogolo pamene kuseri ikuphika pa mafuwa imatha mitengo yambiri kuposa imene ikubzala. Kumene kuli phala, ana ambiri amauzidwa kubwera ndi chikuni m'mawa, ndipo palibe amene amafunsa kumene achitenga. Sukulu zogonera konko zimagula nkhuni pa lole, kawirikawiri za mitengo yachilengedwe. Mbaula yaikulu ya roketi ikamangidwa bwino imadya theka la nkhuni za pa mafuwa, mwinanso kuchepera apo, ndipo utsi kwa amayi ophika umachepa. Chinsinsi chake ndi chipinda chamoto chopapatiza, chomangidwa ndi njerwa zosunga kutentha, komanso mpata wa masentimita pafupifupi awiri pakati pa mphika ndi khoma louzungulira, momwe moto umadutsa ukupukuta m'mbali mwa mphika. N'chifukwa chake mbaula imamangidwa poyeza mphika wake. Mphika ukatha n'kugula wina waung'ono, mpata umakula ndipo kutentha kumangothawa. Zina zimene zimaiwononga ndi phulusa lotseka njira ya mphepo, nkhuni zaziwisi, ndi chizolowezi chodzaza pakamwa pa mbaula ndi zikuni zikuluzikulu. Pafunika nkhuni zowaza, zonenepa ngati zala ziwiri kapena zitatu, zouma pansi pa shedi, zolowetsa zitatu kapena zinayi nthawi imodzi. Ming'alu imatidwe ikangooneka. Ophika amasinthana, ndiye kuphunzitsa gulu limodzi tsiku lopereka mbaula sikokwanira. Ndipo nyemba zoviika usiku wonse, zophikidwa mumphika wovundikira, zimapsa msanga popanda kugula chilichonse. Tikupempha kuti sukulu ya boma yogula nkhuni izilemba kumene zadulidwa, ndipo mgwirizano wogula uzikana nkhuni za m'nkhalango zotetezedwa, monga Lamulo la Zankhalango la 1997, lomwe linakonzedwanso mu 2020, likufunira.

Chimodzimodzi njerwa. Makolo akauzidwa kuti aumbe njerwa za kalasi yatsopano, uvuni wake umawotchedwa ndi mitengo ikuluikulu ya m'mudzi momwemo, nthawi zina mango ndi mibawa yakale. Malamulo a 2018 anakaniza njerwa zowotcha pa zomanga za boma. Koma simungauze mudzi kuti uleke kuwotcha osaupatsa makina opanira njerwa za dothi losakaniza ndi simenti. Makina amodzi pa zoni, osungidwa ku TDC (malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumana pochita maphunziro) ndi kubwerekedwa mosinthana, angayambitse ntchitoyi.

Madzi a padenga ndi chuma chimene sukulu zimachisiya kuti chiziwononga. Mvula ya milimita imodzi pa malo a mita imodzi mbali zonse ndi lita imodzi. Buloko ya makalasi awiri ya mamita 8 ndi 20 ili ndi denga la masikweyamita 160, ndiye mvula imodzi ya mamilimita 30 imatsitsa malita 4,800, ndipo kudera la mvula ya mamilimita 800 pa chaka ndi malita pafupifupi 128,000. Madzi onsewa amagwera pa bwalo louma gwa, amakumba maziko, n'kutsika kukayambitsa chigwembe m'munda wa woyandikana nawo. Thanki ndi yabwino kumene ndalama ilipo, bola madzi oyamba otsuka denga atayidwe ndipo pakamwa pake pakhale sefa yoletsa udzudzu. Kumene kulibe, pansi pa mathothwe a denga paikidwe miyala, kangalande katsogolere madzi ku swale (ngalande yosunga madzi kuti alowe pansi) lokumbidwa motsata mzere wa kalozera woyezedwa bwino, lakuya ndi lotambalala pafupifupi theka la mita, dothi liunjikidwe kumunsi, ndipo pa mulu wakewo pabzalidwe vetiva, timaphata totalikirana masentimita 10 mpaka 15. Swale losayezedwa limasonkhanitsa madzi mbali imodzi, limaphulika, ndipo limakumba chigwembe choposa chimene mumaletsa. Lisayandikirenso zimbudzi kapena maziko a nyumba. Madzi otayika pa mjigo alowe m'kadimba ka nthochi m'malo mochita chithaphwi.

Bwalo louma lija timaliumitsa tokha. M'mawa uliwonse ana amasesa sukulu yonse mpaka dothi lapamwamba kutha, mizu ya mitengo kuonekera, kenako masamba amatenthedwa. Tikupempha kuti a PEA (alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni) aleke kuyesa ukhondo wa sukulu poona mizere ya tsache. Kusesedwe m'njira, pakhomo pa makalasi, ku khitchini ndi ku zimbudzi. Kwinako kumere kapinga, ndipo masamba apite ku dzenje la manyowa lakuya mita imodzi: masamba ouma masentimita 20, zobiriwira 10, ndowe pang'ono, phulusa la ku khitchini lowaza, madzi, n'kubwerezanso mpaka kudzaza. Mtengo wozika pakati ukatuluka wofunda ndi wonyowa, zikuyenda. Ukatuluka wozizira ndi wouma, pafunika madzi. Fungo loipa ndi chizindikiro cha madzi ochuluka. Potembenuza mwezi ndi mwezi, pa miyezi itatu manyowa a nazale ndi a mitengo ya zipatso apezeka.

Za mapulasitiki tinene zoona. Malamulo a 2015 analetsa majumbo opyapyala osafika mamaikuloni 60, ndipo Khothi Lalikulu la Apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma pa geti pa sukulu zambiri mandasi, mafirizesi ndi tchipisi zikugulitsidwabe m'timapepala tomweti. Kumudzi kulibe galimoto yotenga zinyalala, ndiye sukulu imangotentha, utsi woopsa n'kulowa m'makalasi. Kuuza ana kuti atole popanda kotaya sikuthandiza. Chimene sukulu ingathe ndi kuchepetsa zolowa: komiti igwirizane ndi ogulitsa, ana azibwera ndi kapu kapena kontena yawo, ndipo zoola zisasakanizidwe ndi zosaola. Mabatire akutha ndi magalasi osweka zisaponyedwe pa moto kapena m'manyowa. M'matauni, makhonsolo aike sukulu pa ndandanda wa magalimoto a zinyalala. Kuletsa opanga majumbo ndi ntchito ya MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, si ya mwana wa Sitandade 5.

Pali chinthu china chimene chingathe ndi kalata imodzi yochokera ku likulu. Kukumba dzenje, kutchetcha ndi kuthirira zisakhalenso chibalo cha wochedwa kapena wolongolola m'kalasi. Mwana amene wadziwa khasu ndi keni ngati chilango amadana ndi nazale, ndipo amathirira mongomwaza kuti athane nazo. Ntchitoyi ilowe m'maphunziro. Kuwerengera mbande zolowa pa malo akutiakuti ndi masamu. Kupeza kuti pa 625 zapulumuka zingati pa 100 iliyonse ndi masamu omwe amabwera pa mayeso. Kufesa njere zotema ndi zosatema m'mizere iwiri n'kuwerenga zomera tsiku ndi tsiku ndi sayansi yeniyeni. Kalasi iliyonse ikhale ndi mzere wake umene izikwera nawo mpaka Sitandade 8. Makalabu a zachilengedwe, monga amene bungwe loona za nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM lakhala likuthandiza m'sukulu kwa zaka zambiri, angatsogolere, koma ntchito isatsamire pa mphunzitsi mmodzi wodzipereka, chifukwa akasamutsidwa zonse zimaima.

Ndalama zofunika ndi zochepa, chachikulu ndi nthawi imene zafika. Machubu, njere, makeni awiri, wilibala, sefa ndi makasu ochepa zikhale zitafika pasukulu Ogasiti asanathe, ndipo muvomereze poyera kuti zigulidwe ndi ndalama za SIG (thandizo la boma lotukulira sukulu) ndi kulembedwa mu ndondomeko yotukula sukulu. Mlangizi wa zankhalango aphunzitse aphunzitsi awiri a sukulu iliyonse ku TDC sukulu zisanatsegulire, n'kudzayenderanso nazale kamodzi mu Okutobala pamene mavuto amayamba kuoneka. Mabungwe ndi makampani ofuna kuthandiza muwalangize kuti abweretse zipangizo za nazale mu Ogasiti m'malo mwa lole ya mbande mu Malichi. Malire a sukulu adziwike ndi kulembedwa pamaso pa mfumu munda usanabzalidwe, popeza mikangano ya malo yazulitsa mitengo yambiri. Kulembedwenso kuti nkhuni ndi milimo zikadzakula mwini wake ndi sukulu, wololeza kudula ndi komiti, ndipo ndalama zogulitsa zizilengezedwa pa msonkhano wa makolo. Makolo akaona kuti mitengo imene ana awo anathirira yathera m'manyumba mwa anthu ochepa, chaka chotsatira sabweranso ndi makasu.

Kaundula wake ndi kope wamba. Mulembedwe mtundu wa mtengo, malo, tsiku lobzala ndi chiwerengero. Mitengo iwerengedwe kawiri pa chaka, mu Meyi mvula itatha ndi kumayambiriro kwa Novembala mvula isanayambe, ndipo pa imene yafa palembedwe chifukwa: mbuzi, moto, chiswe, chilala kapena kuba. A PEA ndi mlangizi wa zankhalango asaine atayenda m'mundamo, osati ali mu ofesi. Mphunzitsi wamkulu akamasamuka, kopeli liperekedwe kwa wolowa m'malo pamodzi ndi makiyi ndi mabuku a ndalama. Chiwerengero cha mu Novembala ndicho chitumizidwe ku boma ndi ku likulu, ndipo pa 15 Disembala, musanalengeze mitengo imene ibzalidwe, muyambe mwalengeza imene yapulumuka pa ya chaka chatha, boma ndi boma.

Ndife anu pa ntchito,

Aphunzitsi a zaulimi ndi alangizi a zankhalango